Kodi ndi mahedi amene awononga mutu wa bambo anga?

Kalata ya ulendo uno yachokera ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Wolembayo ndi mayi wa ana atatu ndipo wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake.

"Bambo anga ali ndi zaka 61. Anasewera mpira zaka 17, kumbuyo, nambala 5, m'matimu a kuno ndi a ku Salima, ndipo ali mnyamata anamenyako nkhonya pang'ono. Mpaka lero anthu amawakumbukira ndi mahedi awo. Koma kwa zaka ziwiri tsopano asintha. Amafunsa chinthu chimodzimodzi kambirimbiri. Akaika ndalama amaiwala n'kumati amayi aba. Munthu amene sankadziwa kukalipa pano akuswa mbale. Tsiku lina anasochera pochokera kumsika umene akhala akupitako moyo wawo wonse. Achibale akuti alodzedwa, ndipo ena ayamba kuloza chala agogo ena apamudzi. Achimwene anga anawerenga pa intaneti kuti ndi CTE ya osewera mpira ndipo ilibe mankhwala, ndiye akuti kupita kuchipatala n'kutaya ndalama ya thiransipoti. Kodi ndi mpiradi? Nanga mwana wanga wa zaka 10, amene akufuna kutengera agogo ake, ndimuletse?"

Achemwali, pepani ndi zimene zakugwerani pakhomo. Funso loyambalo ndiliyankhe mosazungulira: inde, n'zotheka ndithu kuti mpira uli ndi mbali pa matenda a bambo anu. Zimene achimwene anu anawerengazo za CTE, matenda a ubongo obwera chifukwa chogundidwa kumutu mobwerezabwereza, si zopeka. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti kuchipatala n'kutaya ndalama, ndipo ndikusiyana nawo kwambiri. Koma tione kaye chimene chikudziwika.

Nkhani imeneyi inayambira ku nkhonya. Mu 1928 dokotala wina wa ku New Jersey ku America, Harrison Martland, analemba za ankhonya akale amene ankayenda modzandira chonsecho mowa sanalawe, manja akunjenjemera, mawu akutuluka mokoka. Kwa zaka zambirimbiri aliyense ankangoti amenewo ndi matenda a ankhonya basi. Chaka cha 2002 ndicho chinatembenuza nkhaniyi, chifukwa kunamwalira amuna awiri amene sanali ankhonya. Woyamba anali Jeff Astle, womwetsa zigoli wa West Bromwich Albion ku England, katswiri wa mahedi, amene anamwalira ali ndi zaka 59 atadwala matenda oiwalaiwala. Khoti lofufuza za imfa yake linagamula kuti anafa ndi matenda ochokera ku ntchito yake, kutanthauza kumenya mpira ndi mutu. Wachiwiri anali Mike Webster wa timu ya Pittsburgh Steelers, pa mpira wa ku America uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana mitu. Iye anamwalira ali ndi zaka 50. Amene anapima ubongo wake anali Bennet Omalu, dokotala wobadwira ku Nigeria, ndipo mu 2005 anasindikiza zimene anapeza: kuwonongeka kofanana ndi kwa ankhonya kuja. Dzina la CTE linatchuka kuyambira pamenepo. Ubongo wa Astle nawo utapimidwanso mu 2014 unapezeka ndi matenda omwewa.

Chimachitika n'chiyani m'mutumo? Ubongo ndi wofewa kwambiri, ndipo sunamatiridwe ku chibade, umayandama m'timadzi. Mutu ukagundidwa, chibade chimaima kapena kutembenuka mwadzidzidzi, koma ubongo umapitirirabe, n'kugwedezeka ndi kupotoka pang'ono. Timinyewa tating'ono kwambiri tonyamula mauthenga kuchokera mbali ina ya ubongo kupita mbali ina timakokeka. Zikachitika kamodzi, thupi limakonza. Zikamabwerezabwereza kwa zaka, puloteni ina yotchedwa tau, imene ntchito yake ndi kulimbitsa timinyewato m'kati, imayamba kupindika molakwika ndi kuunjikana mozungulira timitsempha ta magazi, makamaka pansi penipeni pa makwinya a ubongo. Kawirikawiri zimayambira mbali yakutsogolo, imene imathandiza munthu kuugwira mtima ndi kulinganiza zochita. Mabanja ambiri a osewera otere amasimba kuti anayamba aona ukali ndi kusintha kwa khalidwe, kuiwala kusanafike poipa.

Ndipo vuto lalikulu si kukomoka kuja kumene masapota amakumbukira, tsiku limene wina anatulutsidwa m'bwalo pa machira. Ofufuza a ku Boston University, amene apima ubongo wa osewera mazana ambiri, akupeza kuti chimene chimayenderana kwambiri ndi matendawa ndi kuchuluka kwa zaka zimene munthu wakhala akugundidwa kumutu, ngakhale kugundidwako kukhale kosapweteka. Amene ananyamulapo dengu la matimati pa kabaza mumsewu wokumbika akudziwa: palibe bampu limodzi limene mungaliloze kuti ndilo laphwanya, koma pofika kumsika apansi afewa. Hedi imodzi si kanthu. Mahedi a pa zokonzekera tsiku ndi tsiku, kuonjezera a Loweruka ndi Lamulungu, kwa zaka 17, ndi nkhani ina.

Kafukufuku amene amandikhutiritsa kwambiri pa mpira wathu wamiyendowu anachitika ku Scotland, motsogozedwa ndi Willie Stewart wa ku University of Glasgow, yemwe uja anapimanso ubongo wa Astle. Anatenga mbiri za kuchipatala za amuna 7,676 amene anasewerapo mpira ngati ntchito, obadwa pakati pa 1900 ndi 1976, n'kuziyerekeza ndi za amuna ena oposa 23,000 a misinkhu yomweyo amene sanali osewera. Zotsatira zinatuluka mu 2019: osewera akale ankafa ndi matenda owononga ubongo kuwirikiza katatu ndi theka kuposa anzawowo. Mu 2021 anazigawa malinga ndi malo amene munthu ankasewera pabwalo, ndipo apa ndi pamene nkhani ikukhudza bambo anu. Magoloboyi, amene samenya mahedi kwenikweni, sanasiyane kwambiri ndi anthu wamba. Otchinga kumbuyo ndiwo anali pamwamba pa onse, pafupifupi kuwirikiza kasanu. Amene anasewera zaka zoposa 15 analinso chakomweko. Ku Sweden mu 2023 anapenda osewera pafupifupi 6,000 n'kupeza kusiyana kocheperapo, kuwirikiza kamodzi ndi theka, koma kumeneko nakonso magoloboyi anapulumuka. Kwa ine nkhani ya goloboyiyi ndiyo yovuta kuitsutsa. Bwalo ndi lomwelo, zakudya n'zomwezo, mowa wa pambuyo pa masewero ndi womwewo. Chosiyana n'chakuti wina amalandira mpira ndi manja, wina ndi chipumi.

Akuluakulu amakonda kunena kuti vuto linali mpira wachikopa wakale uja, umene ukamwa madzi a mvula unkalemera koopsa. Unkalemeradi. Koma a ku Glasgow sanapeze kuti chiopsezo chinatsika mwa osewera a zaka zapambuyo pake, mipira yosamwa madzi itabwera.

Komano manambala owirikizawa amaopseza kuposa mmene ayenera. Mwa osewera a ku Scotland aja, amene anapezeka ndi matenda a ubongo anali 5 pa 100 aliwonse, pamene mwa anthu wamba anali osakwana 2 pa 100. Kusiyana kulipo, koma ochuluka sanapezeke nawo, ndipo osewerawo ankafa mochepa ndi matenda a mtima ndi khansa ya m'mapapo. Nambala ina imene achimwene anu ayenera kuti anakumana nayo ndi ya mu 2017, yakuti mwa osewera 111 a ligi ya NFL, ya mpira wa zipewa uja wa ku America, amene ubongo wawo unapimidwa, 110 anali ndi CTE. Ndi yoona. Koma ubongo umenewo unaperekedwa ndi mabanja, ambiri mwa iwo ataona kale kuti m'bale wawo sankayenda bwino m'mutu. Nambalayo ikutiuza za odwala amene anabweretsedwa, osati za aliyense amene anasewerapo.

Tsopano tifike pa za kuchipatala. Palibe sikani kapena kuyeza magazi kumene kungatsimikize CTE, ndipo palibe dokotala, kaya ku Lilongwe kaya ku London, amene anganene motsimikiza kuti munthu wamoyo ali nayo. Imatsimikizika munthu atamwalira, ubongo wake utaunikidwa pa maikulosikopu. Choncho amene wanena kuti bambo anu ali ndi CTE wangoganiza. Kuganizako kukhoza kulondola. Kukhozanso kuphonya, ndipo kukaphonya mudzalira nazo, chifukwa pali matenda angapo amene amaoneka chimodzimodzi koma ali ndi chithandizo. Kusewera mpira sikunawatchinge bambo anu ku matenda amene amagwira wina aliyense.

Oyamba amene ndimawaopa kwa bambo wa msinkhu uwu ndi magazi odikha pang'onopang'ono pakati pa chibade ndi ubongo. Munthu akamakula ubongo umachepako, ndiye timitsempha todutsa pakati pamenepo timakhala tokokeka, tosachedwa kuduka, makamaka kwa omwa mowa. Kugwa pa njinga, kugunda mutu pa mphuthu ya chitseko, zinthu zimene mwiniwake waiwala kale, n'zokwanira. Pakapita milungu kapena miyezi munthu amayamba kusokonezeka, kugonagona, kudandaula mutu, mwina kukoka mwendo umodzi. Zimenezi zimaoneka pa sikani ya CT, ndipo madokotala amaboola kabowo pa chibade n'kutulutsa magaziwo. Ambiri amabwerera mwakale. Ngati bambo anu aipiraipira mofulumira m'miyezi yapitayi, musadikire malipiro a mwezi wamawa.

Ofala kwambiri kwathu kuno ndi kuthamanga kwa magazi ndi shuga. BP yokwera imene sikulandira mankhwala imawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete, nthawi zina kudzera m'masitiroko ang'onoang'ono amene sagwetsa munthu pansi. Zimene zawonongeka sizibwerera, koma mankhwala a tsiku ndi tsiku amateteza zotsala. Osewera akale amandidandaulitsa pa mfundo iyi. Poti anali amphamvu saganiza zoyezetsa, chonsecho kuthamanga anasiya kalekale koma mitanda ya nsima inatsala ya nthawi ya ligi.

Palinso HIV ndi chindoko. Zonse ziwiri zimatha kufika ku ubongo patapita zaka n'kusintha khalidwe ndi nzeru za munthu, ndipo zonse zimayamba kuyezedwa ndi kadontho ka magazi a pachala. Mwana wamkazi kuuza bambo ake kuti akayezetse zimenezi n'kovuta. Inu ingowanong'onezani adokotala kuti ayeze zonse, zotsalazo akamba okha. Chindoko chimaimitsidwa ndi jakisoni wa penisilini, ndipo ma ARV amawongola mutu wa odwala ambiri.

Mowa simunautchule m'kalata, koma ndifunse ndithu. Kachasu womwa zaka ndi zaka amawononga ubongo payekha, komanso amamana thupi mavitamini a gulu la B. Yang'ananinso khungu lawo. Ngati pakhosi ndi pamikono, pamene pamawomba dzuwa, pada ndi kusupuka, kuonjezera kutsegula m'mimba, imeneyo ikhoza kukhala pelagra, matenda a kusowa vitamini amene amakonda anthu odalira chimanga. Imasokoneza mutu, koma imachira ndi mapiritsi. Poti muli ku Nkhotakota ndiwonjezere kaodzera, amene amafalitsidwa ndi kashembe m'madera oyandikana ndi nkhalango yotetezedwa. Ameneyu amathamanga, amamaliza zake m'milungu kapena miyezi osati zaka ziwiri, ndiye sindikumuika patsogolo. Koma ngati bambo amalima kufupi ndi nkhalango, adokotala adziwe.

Zina ziwiri anthu amazipeputsa. Choyamba ndi matenda a maganizo. Munthu amene ankaimbiridwa nyimbo pa bwalo la Chitowe, lero palibe womufunsa, m'thumba mulibe kanthu, mawondo akuwawa, anzake akutha mmodzimmodzi. Amuna achikulire sakonda kunena kuti ndakhumudwa. Zimatulukira m'ukali, kusowa tulo ndi kuiwala, ndipo chithandizo chake chilipo. Chachiwiri ndi makutu. Munthu wosamva bwino amaoneka woiwala chifukwa zimene munamuuzazo sanazimve n'komwe, ndipo nthawi zina chatseka khutu ndi litsiro louma chabe.

Akatswiri amene magazini ya zachipatala ya Lancet inawasonkhanitsa anawerengera mu 2024 zinthu 14 zimene zimakweza chiopsezo cha matenda oiwalaiwala koma anthu angathe kuchitapo kanthu, ndipo anati pamodzi zimakhudza pafupifupi 45 pa 100 ya odwala onse. Kuvulala kumutu n'chimodzi chabe mwa 14 zimenezo. Mahedi a mu 1990 simungawabweze. Koma BP, shuga, fodya, mowa, makutu, maso ndi kukhala pawekha zili m'manja mwanu lero, ndipo ubongo umene unagundidwa kale ndi umene suyenera kusenzetsedwanso zimenezi.

Ndiye pitani nawo. Mukhoza kuyambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, kapena kulunjika ku chipatala cha boma ku Nkhotakota; kulinso St Anne's ya mpingo wa Anglican. Musawatumize okha, chifukwa munthu wodwala kuiwala akafunsidwa amayankha kuti ali bwino, ndipo amakhulupiriradi. Apite ndi amayi kapena inuyo, mutanyamula buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe. Musananyamuke lembani pa pepala kuti zinayamba liti, chinayamba n'chiyani, zikuipira pang'onopang'ono kapena modumpha, anagwapo posachedwa, amamwa mowa wochuluka bwanji, amagona bwanji. Odwala amakhala ambiri ndipo nthawi ya aliyense ndi yochepa, ndiye pepalalo likuthandizani kuti musaiwale chofunika. Tchulani za mpira ndi nkhonya, ndiponso ngati anakomokapo pabwalo. Pemphani kuti ayezedwe BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko, kenako funsani woona za matenda a maganizo. M'zipatala za m'maboma amakhalamo. Kuonana naye sikutanthauza kuti bambo atumizidwa ku Zomba. Sikani ikafunika adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene odwala a chigawo chapakati amatumizidwa, ndipo ku Lilongwe komweko kuli St John of God amene ntchito yawo ndi ya matenda a maganizo.

Zonsezi zikayezedwa n'kutsala matenda oiwalaiwala enieni, kaya ndi CTE, kaya ndi Alzheimer's, kaya zonse pamodzi, pamenepo achimwene anu adzakhala kuti analondola theka: mankhwala ochiza palibe. Alipo ochepetsa ukali, kusowa tulo ndi kukhumudwa, ndipo amenewo alembedwe ndi adokotala. Mabotolo ogulitsidwa pa WhatsApp akuti amatsuka ubongo, musagulitsire mbuzi.

Za kulodzedwa ndisabise Chichewa. Sindikunyoza achibale anu. Munthu wamphamvu akasintha chonchi, mtima umafuna wina woti umuloze. Koma agogo akulozedwa chalawo ali pangozi yeniyeni. Chaka ndi chaka timamva za okalamba omenyedwa, ootcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene chifukwa cha mawu amene anayambira pa matenda a munthu wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo ganizirani izi. Wodwala kuiwala amatha kudzuka usiku n'kumayendayenda, n'kupezeka pakhomo pa eni m'bandakucha osadziwa kuti wafikapo bwanji, nthawi zina osavala bwino. Mudzi umene wazolowera kufotokoza matendawa ndi ufiti, tsiku limenelo udzati mfiti yagwa pa lichero, ndipo mfitiyo adzakhala bambo anu. Pitani kwa amfumu msanga, makamaka mukabwerako kuchipatala muli ndi cholembedwa m'buku. Auzeni a kumpingo kapena kumzikiti, oyandikana nawo nyumba, ndi anyamata a kabaza a pa siteji, kuti bambowa akudwala ndipo akawaona akusochera awaperekeze kwawo.

Panyumba, chinthu chovuta kwambiri kuphunzira ndi kusiya kutsutsana nawo. Akati ndalama zabedwa, kwa iwo zabedwadi, ndipo umboni wanu adzauiwala pasanathe ola koma mkwiyo udzatsala. Nenani kuti tiyeni tifune limodzi. Asiyireni kandalama kochepa pamalo amodzi nthawi zonse, zochulukazo asunge wina. M'thumba la malaya muzikhala kapepala ka dzina lawo ndi nambala ya foni ya mmodzi wa inu. Njinga yamoto asakwerenso okha, ndipo kunyanja kapena kumbali kwa ngalande za m'minda ya mizimbe asapite opanda mnzawo. Ukali uja muziuyang'anitsitsa, chifukwa kawirikawiri uli ndi poyambira: chakumadzulo, phokoso la ana, njala, kupweteka kwa mawondo kumene akulephera kufotokoza. Zikwanje ndi mipeni zichoke poonekera. Ndipo amayi anu muwaganizire. Ndiwo akutchedwa akuba m'nyumba mwawo momwe, ndiwo sakugona. Gawanani masiku, achimwene anu omwe, ndipo bambo akayamba kumenya, imeneyo ndi nkhani yokauza adokotala, osati yopirira. Nkhani za munda, penshoni ndi manambala achinsinsi a Mpamba kapena Airtel Money zikambidwe panopa, pamene akadali ndi masiku oganiza bwino oti anene okha chimene akufuna.

Chimodzi chimene mpira womwewo ungawabwezere ndi anzawo. Zakale zimachedwa kufufutika kusiyana ndi za dzulo. Munthu woiwala kuti wadya nkhomaliro amatha kukuuzani amene anaponya kona ndi amene anamwetsa pa masewero a zaka 30 zapitazo. Fufuzani amene ankasewera nawo, abwere adzacheze, amvere limodzi mpira pa wailesi, asewere bawo, ayende nawo m'mawa dzuwa lisanakwere. Kuyenda ndi kucheza kuli pa mndandanda wa zoteteza ubongo, ndipo sikulira ndalama.

Nanga mdzukulu? Musamuletse mpira. Kumbukirani kuti osewera a ku Scotland aja mitima yawo inali yabwino kuposa ya anzawo. Muletseni mahedi. Ku America bungwe la mpira linaletsa mahedi kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi mu 2015. Ku England mu 2020 analangiza kuti ana a msinkhu wa pulayimale asamaphunzitsidwe mahedi pa zokonzekera, ndipo mu 2021 anati ngakhale akatswiri asapyole mahedi amphamvu 10 pa mlungu pa zokonzekera. Ku Scotland mu 2022 analetsa zokonzekera za mahedi tsiku loti mawa masewero ndi tsiku lotsatira masewero. Mwana khosi lake silinakhwime, ndipo kwathu kuno ana amasewera ndi mpira wa akuluakulu wopopedwa gwa chifukwa ndi wokhawo ulipo. Aphunzire kulandira ndi chifuwa ndi kusewera pansi. Mahedi adzawapeza akakula. Akadzafuna nkhonya, poti Isaac Chilemba ndi Anisha Basheel anaonetsa kuti Mmalawi akhoza kufika patali nazo, amenye thumba ndi kuphunzira mapazi, koma zomenyana kumutu zidikire. Magolovesi amateteza dzanja ndi khungu, saletsa ubongo kugwedezeka.

Chomwe chimandikwiyitsa m'mabwalo athu, kuyambira m'mabonanza a kumudzi mpaka mmwamba, ndi ichi: awiri agundana mitu, wina wagwa, athamangira kumuthira madzi kumutu, wadzuka akudzandira, masapota akuwomba m'manja kuti ndi mwamuna, wabwerera m'bwalo. Si kwathu kokha. Pa masewero omaliza a chikho cha dziko lonse mu 2014, Christoph Kramer wa Germany atagundidwa kumutu anapitiriza kusewera, mpaka anafunsa oyimbira ngati amenewo anali masewero omalizadi. Ambiri ovulala ubongo mwa njira imeneyi sakomoka n'komwe. Zizindikiro zake ndi chizungulire, mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri, nseru, kuyankha mochedwa, kusadziwa kuti zigoli zili bwanji. Wotero atuluke ndipo tsiku limenelo asabwererenso, chifukwa ubongo umene sunachire ukagundidwa kachiwiri umavulala koposa. Kuyambira mu 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupereka mwayi woonjezera wosintha wosewera amene wavulala kumutu, ndipo malangizo a ku Britain a 2023 a masewero a anthu wamba amati asapikisanenso pasanathe masiku 21. Akamasanza mobwereza, mutu ukamakulirakulira, akamagona movuta kudzutsa, akakomoka ndi kuphupha, kapena dzanja ndi mwendo zikafooka, ndi wa kuchipatala usiku womwewo.

Zimenezi kaziuzeni aphunzitsi a timu ya mwana wanu pamaso, mwaulemu, mutawafotokozera chifukwa chake mukunena. Ambiri mwa iwo anaphunzira mpira poonera anthu a msinkhu wa bambo anu, ndipo palibe anawauzapo. Akakana kumva, musamutsireni mwanayo ku timu ina.